OSOKA ZIGAMBA ZA LINUX: NTCHITO YOSAONEKA IMENE DZIKO LONSE LITSAMIRAPO

Tsiku lotsegulira mjigo watsopano pamudzi limakhala la chikondwerero. Mafumu amabwera, akuluakulu a Boma amalankhula, amayi amaimba nthungululu, ndipo madzi oyamba amalawidwa ndi mlendo wolemekezeka. Koma tsiku limene kalabala ka m'kati mwa mjigowo katha, ndipo pafunika kuzula ndodo zonse kuti aikemo kena, sipamveka ng'oma. Pamangokhala anthu awiri kapena atatu a m'komiti ya madzi, sipanala ili m'manja, thukuta lili pamphumi. Komatu yense amene anakhalapo kumudzi adziwa kuti madzi a chaka chachisanu amwedwa chifukwa cha anthu a sipanala aja.

Mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri ya dziko lino, unayambira konkuno ku Malawi kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980 pa dzina lakuti Maldev, ndipo pambuyo pake anakaukonzanso ku Kenya. Mapulani ake alibe mwini woletsa ena: kampani iliyonse ingathe kuwatenga ndi kupanga mjigowo, ndipo anaupanga dala kuti anthu a pamudzi azitha kuukonza okha. M'makina a kompyuta mulinso chinthu cha mtundu wotere, chotengedwa ndi aliyense kwaulere ndiponso chokonzedwa ndi manja ambiri, ndipo dzina lake ndi Linux. Anthu a m'maofesi a Boma ndi aphunzitsi a m'sukulu aigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ambiri osadziwa n'komwe. N'chifukwa chake kuli koyenera kuti amve za anthu amene aikonza ikaonongeka, ndi za mbali ya ntchitoyo imene yatsalira iwo eni.

CHIYAMBI CHAKE

Kompyuta iliyonse, kaya ndi ya pa desiki ya kalaliki, kaya ndi lamya ya m'thumba, ili ndi pulogalamu yaikulu imene iyang'anira zinzake zonse. Pulogalamu yolembera makalata ikafuna kusunga zimene zalembedwa, kapena ya mawerengero a ndalama ikafuna kutumiza tsamba ku makina osindikizira, siichita yokha, koma ipempha kwa yaikuluyo, monga mmene mphunzitsi wofuna choko apitira kwa mphunzitsi wamkulu amene asunga makiyi. Phata la pulogalamu yaikuluyi amalitcha kernel. Ndilo ligawira mapulogalamu onse malo ndi nthawi m'makinamo, ndilonso liletsa munthu wina kulowa m'zinthu za mnzake.

Mu Ogasiti 1991 mnyamata wa zaka 21, Linus Torvalds, amene anali kuphunzira pa Yunivesite ya Helsinki m'dziko la Finland, anadziwitsa anzake kuti ali kulemba phata lotere. Kope loyamba linali ndi mizere ya malembo pafupifupi 10,000. M'chaka cha 1992 analiika pansi pa chilolezo chotchedwa GPL, chimene mfundo yake ndi iyi: aliyense angathe kutenga malembowo, kuwawerenga, kuwasintha ndi kugawira ena, pokhapokha wogawayo aperekenso malembo a zimene wasinthazo pa ufulu womwewo. Makampani ogulitsa mapulogalamu amabisa malembo ao monga sing'anga abisira mizu yake. A Linux ali poyera.

Phata lokha silikwanira kugwirira ntchito, choncho panabadwa magulu amene alisonkhanitsa pamodzi ndi mapulogalamu ena zikwizikwi kuti chikhale chinthu chathunthu. Gulu la Debian linayambitsidwa ndi Ian Murdock mu 1993, ndipo liyendetsedwa ndi anthu odzipereka. Ubuntu inayamba mu 2004 ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzina lakelo ndi liwu lomwe lija m'Chichewa amati umunthu. Lero lamya iliyonse ya Android ili ndi phata la Linux m'kati mwake. Kuyambira 2017 makompyuta onse 500 amphamvu koposa pa dziko lapansi ayendera Linux, ndipo kandege ka Ingenuity kamene kanauluka pa Mars mu 2021 kanalinso ndi Linux. Ngakhale pulogalamu ya DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo m'dziko muno usonkhanitsira ziwerengero za m'zipatala, eni ake amalangiza kuti iziikidwa pa Ubuntu.

NANKAFUMBWE M'NKHOKWE

Mizere ija inali 10,000 inapitirira 40 miliyoni m'chaka cha 2025. Mlembi waluso polemba kalata ya tsamba limodzi amaphonya chilembo. Nanga kuli bwanji mizere yochuluka chotero, yolembedwa ndi anthu zikwi zambiri pa zaka zoposa 30? Cholakwika cha m'pulogalamu a Chingerezi amachitcha bug, ndiko kunena kachirombo, ndipo m'buku la ntchito la makina a Mark II ku Harvard muli kagulugufe kamene akatswiri anakapeza katapanikizika m'makinawo mu 1947, nakamata pa tsamba. Koma zolakwika za masiku ano sizichokera kunja; zili m'malembo momwemo, ngati nankafumbwe amene alowa m'nkhokwe pamodzi ndi chimanga pa tsiku lokolola. Zina zingochedwetsa makina, zina ziwazimitsa pakati pa ntchito, ndipo zoopsa koposa ndi zimene zitsegulira wakuba khomo.

Chitsanzo chodziwika ndi cholakwika chimene anachipatsa dzina lakuti Dirty COW. Mapulogalamu awiri akafuna kuwerenga fayilo imodzi, phata liwapatsa kope limodzi kuti lisaononge malo. Koma wina akafuna kulembamo zake, phata liyamba lamukopera lakelake, kuti loyambalo likhale losakhudzidwa. Zili ngati kaundula wa sukulu amene aliyense aloledwa kumuwerenga, koma wofuna kulembamo apatsidwa pepala lokopera. Tsono munthu akatumiza mapempho awiri pa kamphindi kamodzi, lina lakuti alembe ndi lina lakuti pepala lokoperalo litayidwe, nachita zimenezi mobwerezabwereza kambirimbiri, phata linkasokonezeka nthawi ina ndi kulemba m'kaundula weniweniyo. Mwa njira imeneyi munthu wamba wopanda udindo ankatha kusintha mafayilo a woyang'anira ndi kudzisandutsa mwini makina onse.

Cholakwikachi chinaululika mu Okutobala 2016, pamene katswiri wina, Phil Oester, anapeza kuti akuba achigwiritsa ntchito polowa m'makina amene iye anali kuyang'anira. Pofufuza anaona kuti chinali m'makope onse a Linux kuyambira 2007, ndiye kuti chinagona zaka 9. Bambo Torvalds anavomera poyera kuti iwo eni anayesa kuchikonza mu 2005, koma chokonzacho chinachotsedwa popeza chinali kusokoneza makina aakulu a IBM otchedwa s390. Akale anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo uku ndiko kuvuta kwa ntchito yonseyi: kupha cholakwika osaswa chimene chakhalapo. Chokonza cha mu 2016 chinali cha mizere yowerengeka chabe, ndipo Debian, Ubuntu ndi Red Hat anachifikitsa kwa anthu ao m'masiku ochepa. Koma lamya zambiri za Android, makamaka zotsika mtengo, sizinachilandire konse, pakuti makampani amene anazipanga anali ataleka kale kuzisamala.

ULENDO WA CHIGAMBA

Chokonza chilichonse amachitcha patch, ndiko kuti chigamba, ndipo dzinali n'loyenera, pakuti sasoka malaya atsopano, angotseka pamene pang'ambika. Munthu aliyense pa dziko lapansi angathe kulemba chigamba, koma si aliyense angathe kuchilowetsa. Malembo a Linux anawagawa m'zigawo zambirimbiri, monga cha zosungira mafayilo, cha intaneti, cha mawu ndi cha zithunzi, ndipo chigawo chilichonse chili ndi wochisamalira wake. Maina a osamalirawa alembedwa m'fayilo imodzi yotchedwa MAINTAINERS, kuti wopeza vuto adziwe khomo loyenera kugogoda.

Wolemba chigamba achitumiza pa imelo kwa wosamalira chigawocho, anthu ena onse akuona, ndipo afotokoza vuto limene chikonza ndi chifukwa chake. Anzake achiwerenga mzere ndi mzere, ndipo si zachilendo kuti chibwezedwe kasanu kapena kakhumi chisanavomerezedwe. Kuyambira 2004 aliyense amene chigamba chadutsa m'manja mwake alemba dzina lake pansi pake. Anthu a m'Boma adzazindikira msanga dongosolo limeneli, pakuti lifanana ndi fayilo imene iyenda kuchokera kwa kalaliki kukafika kwa mlembi wamkulu, aliyense akusayina pa tsamba la ndemanga. Wosamalira wamng'ono apereka kwa wamkulu, ndipo potsiriza zonse zifika kwa Bambo Torvalds.

Kope latsopano la phata lituluka pa masabata 9 kapena 10 alionse. M'masabata awiri oyamba chipata chikhala chotsegula, ndipo zatsopano zonse zimene osamalira anasonkhanitsa zilowa. Kenaka chipata chitsekedwa, ndipo Lamulungu lililonse patuluka kope loyesera, kawirikawiri kasanu ndi kawiri, nthawi zina kasanu ndi katatu. M'nyengo imeneyi saloleza chatsopano chilichonse, koma zokonza zokha. Kope limodzi limakhala ndi zigamba zoposa 10,000 zochokera kwa anthu pafupifupi 2,000.

Funso limene aphunzitsi a masamu adzalikonda ndi ili: makina amene anali kuyenda bwino ndi kope lakale akayamba kuvuta ndi latsopano, munthu apeza bwanji chigamba chimodzi cholakwa pakati pa zigamba 14,000? Kuyesa chimodzichimodzi kungathe chaka. Mu 2005 Bambo Torvalds analemba pulogalamu yotchedwa Git, imene isunga mbiri ya chigamba chilichonse m'ndondomeko yake, ndipo m'menemo muli njira yodula pakati. Wofufuza ayesa makina ndi theka loyamba la zigambazo. Vuto likaoneka, ndiye kuti cholakwa chili m'theka limenelo. Likapanda kuoneka, chili m'theka linalo. Adulanso pakati theka lotsalalo, 7,000 kukhala 3,500, kenaka 1,750, ndipo pa ulendo wa 14 atsala ndi chigamba chimodzi, chokhala ndi dzina la wochilemba ndi maina a onse amene anachivomereza.

Chikapezeka, pagwira lamulo limene Bambo Torvalds alisunga mouma mtima koposa ena onse: chimene chinali kugwira ntchito dzulo kwa munthu wogwiritsa makina chisaleke kugwira ntchito lero. Chigamba chikaswa lamuloli ndipo mwini wake sanachikonze msanga, chichotsedwa, ngakhale chikhale cholembedwa mwaluso chotani, ngakhale wochilemba akhale wamkulu chotani. Chifukwa chake n'choonekeratu. Anthu akangoyamba kuopa kuti kope latsopano liwaonongera ntchito, adzaleka kulandira zigamba zonse, ndi zoteteza kwa akuba zomwe.

Masiku ano makina nawonso athandiza kusaka. Kampani ya Google ili ndi pulogalamu yotchedwa syzbot, imene usana ndi usiku iponyera phata mapempho osokonekera mwadala kuti ione pamene ligwere. Yapeza zolakwika zikwi zambiri, ndipo zambiri zakonzedwa. Komabe mndandanda wa zodikira wokonza umakhala ndi mazanamazana, popeza makina apeza msanga kuposa mmene anthu angasokere.

KUSAMALA ZAKALE

Banki, chipatala kapena unduna sungathe kusintha phata la makina ake pa masabata 10 alionse. Chifukwa cha ichi, mu 2005 panakhazikitsidwa nthambi ya makope okhazikika, imene kwa zaka zambiri yakhala m'manja mwa Greg Kroah-Hartman, mothandizana masiku ano ndi Sasha Levin. Ntchito yao ndiyo kusankha zokonza zimene zalowa m'kope latsopano ndi kuzibwezera ku makope akale amene anthu akali kugwiritsa ntchito. Malamulo ake ndi okhwima: chigamba chiyenera kukhala chitalowa kale kwa Bambo Torvalds, chikonze vuto lenileni limene lavutitsa anthu, ndipo chisapitirire mizere 100. Ntchitoyi siipepuka, pakuti nsalu yakale ndi yatsopano sizifanana, ndipo chigamba chodulidwira malaya a chaka chino kawirikawiri chifunika kudulidwanso kuti chikwane pa malaya a zaka zinai zapitazo.

Chaka chilichonse kope limodzi lisankhidwa kuti lisamalidwe nthawi yaitali. Mu 2017 nthawiyo anaitalikitsa kufika zaka 6, makamaka pofuna kuthandiza opanga lamya. Koma mu 2023, pa msonkhano wa ku Bilbao m'dziko la Spain, mtolankhani amenenso ali mmodzi wa osamalira, Jonathan Corbet, anauza anthu kuti nthawiyo ibwerera ku zaka 2, popeza makope akale kwambiri anali ndi owayesa ochepa, ndipo osamalira anali atalemedwa. Pambuyo pake makope ena anawaonjezera nthawi pamene makampani anasonyeza kuti ali kuwagwiritsadi ntchito ndi kuthandiza kuwayesa. Phunziro lake n'lakuti moyo wa kope utalika molingana ndi manja amene aperekedwa kuti alisamale.

MLENDO WOKOMA MTIMA

Dongosolo lonseli litsamira pa kukhulupirirana, ndipo pomwepo ndi pamene layesedwa. Mu Epulo 2021 kunamveka kuti ofufuza ena a pa Yunivesite ya Minnesota ku America anatumizapo zigamba zolakwika mwadala, pofuna kuona ngati osamalira angazigwire. Bambo Kroah-Hartman analetsa zigamba zonse zochokera ku sukuluyo, ndipo osamalira anabwerezanso kuwerenga mazana a zigamba zimene anthu a kumeneko anatumiza m'zaka za m'mbuyo. Zambiri zinapezeka zabwino, ofufuzawo anapepesa, koma masabata a ntchito ya anthu otanganidwa kale anali atapita.

Choopsa chenicheni chinadza mu 2024, ndipo sichinalowere m'phata, koma m'kapulogalamu kakang'ono kotchedwa XZ Utils, kamene ntchito yake ndi kupanikiza mafayilo kuti achepe. Kapulogalamuka kali pafupifupi m'makina onse a Linux, komabe kwa zaka zoposa 10 wokasamalira anali munthu mmodzi, Lasse Collin wa ku Finland, amene ankagwira ntchitoyi pa nthawi yake yopuma, wopanda malipiro. Chakumapeto kwa 2021 munthu wodzitcha Jia Tan anayamba kumtumizira zigamba zazing'ono, zabwino ndi zothandiza. Mu 2022 kunayamba kufika makalata a anthu ena osadziwika, odandaula kuti ntchito ili kuchedwa, ndi onena mwachipongwe kuti Bambo Collin apereke udindo kwa wina. Iwo anayankha mofatsa kuti thanzi lao silinali bwino, kuti ntchitoyo ndi yongodzipereka, ndi kuti mwina Jia Tan adzatenga mbali yaikulu m'tsogolo. Ndi mmenedi zinakhalira: pofika 2023 mlendo uja anali ndi mphamvu yolowetsa zigamba ndi kutulutsa makope.

Mu Febuluwale ndi Malichi 2024 anatulutsa makope awiri, 5.6.0 ndi 5.6.1, ndipo m'menemo munali khomo lobisika. Analibisa mochenjera m'mafayilo ooneka ngati oyesera chabe, amene munthu sangawawerenge ndi maso, ndipo kachingwe kolumikiza zidutswa zake anakaika m'mtolo wotumizidwa kwa Debian, Fedora ndi anzao, osati m'malembo amene anthu ambiri amawerenga. Cholinga chinali pulogalamu ya SSH, imene oyang'anira alowera nayo m'makina ali kutali. Mwini kiyi yachinsinsi ya khomolo akanatha kulamula makina alionse otere kuchita zofuna zake, wopanda dzina kapena mawu achinsinsi.

Wotulukira chiwembuchi sanali mlonda wolembedwa ntchito yosaka akuba. Andres Freund, Mjeremani wogwira ntchito ku Microsoft pa pulogalamu yosungira kaundula yotchedwa PostgreSQL, anali kuyeza liwiro la pulogalamu yakeyo pa kope loyesera la Debian. Anaona kuti SSH ili kudya mphamvu ya makina mopitirira muyezo, ndi kuti polowa panali kuchedwa pafupifupi theka la sekondi. Anthu ambiri akanangoti ndi mmene makina achitira. Iye anatsata kachizindikiro kameneka mpaka anafika pa XZ, ndipo pa 29 Malichi 2024, tsiku la Lachisanu Loyera, anaulula zonse poyera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lomwelo Red Hat inachenjeza anthu ake. Debian nayo inabwerera ku kope lakale, ndipo patapita masiku ochepa Ubuntu inachedwetsa ndi sabata imodzi kope lake loyesera kuti imangenso zonse mwatsopano. Khomolo linali litafika m'makope oyesera ndi ena osinthasintha, koma linali lisanalowe m'makope okhazikika a Debian, Ubuntu kapena Red Hat amene mabanki ndi maboma adalira. Bambo Collin anatenganso udindo wonse, nayeretsa malembowo, natulutsa kope labwino mu Meyi chaka chomwecho.

Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri, ndipo zonse n'zoona. Popeza malembo anali poyera, munthu wa ntchito ina anatha kufukula chiwembu cha zaka ziwiri ndi theka m'masiku owerengeka, osapempha chilolezo kwa wina aliyense. Koma wachiwembuyo sanathyole loko. Analowa pa khomo la munthu wotopa amene dziko lonse linali kumwa madzi a m'chitsime chake popanda womufunsa ngati afuna thandizo. Mutu umodzi susenza denga.

NDANI ALIPIRA?

Kuganiza kuti Linux yonse ilembedwa ndi anthu ongodzipereka ndi kulakwa. Zigamba zambiri za phata zichokera kwa anthu olipidwa ndi makampani monga Intel, Google, Red Hat ndi AMD, ndipo Bambo Torvalds ndi Bambo Kroah-Hartman alandira malipiro ao ku bungwe la Linux Foundation. Vuto lili pakuti kampani ikondwera kulipira wolemba chinthu chatsopano chimene chigulitsitse katundu wake, koma siifulumira kulipira wowerenga zigamba za ena kapena wosamala kapulogalamu kakale kopanda mbiri. Mu Ogasiti 2023 Darrick Wong anatula udindo wosamalira XFS, imene ili njira imodzi yosungira mafayilo, nanena poyera kuti watopa, popeza ntchito ya anthu angapo inali pa mapewa a munthu mmodzi.

Chenjezo linali litaperekedwa kale mu Epulo 2014, pamene cholakwika chotchedwa Heartbleed chinapezeka mu OpenSSL, pulogalamu imene ibisa mauthenga a pa intaneti kuti asawerengedwe m'njira. Dziko linadabwa kumva kuti chinthu chotchinjiriza malonda a ndalama zosawerengeka chinali ndi munthu mmodzi yekha wogwira ntchito tsiku lonse, ndi kuti zopereka za anthu zinkangofika pafupifupi madola 2,000 pa chaka. Makampani aakulu anachita manyazi nasonkha ndalama kudzera ku Linux Foundation. Boma la Germany linapitirira apo: mu 2022 linakhazikitsa thumba lotchedwa Sovereign Tech Fund, lolipira ntchito yosamala mapulogalamu otere, poona kuti ali ngati misewu ndi milatho, imene Boma silidikira kuti igwe lisanaikonze.

MBALI YA OFESI NDI SUKULU

Nkhani ya Dirty COW yasonyeza kuti chigamba chikhoza kusokedwa ku Finland kapena ku America m'masiku awiri, koma cholakwikacho n'kukhalabe ndi moyo zaka zambiri m'makina amene sanachilandire. Ulendo wa chigamba uthera pa desiki ya munthu wogwiritsa makinawo, ndipo apa ndi pamene ogwira ntchito m'Boma ndi aphunzitsi ali ndi udindo umene sangaupatse wina.

Choyamba, ofesi iliyonse iyenera kudziwa kope limene lili m'makina ake ndi chaka chimene lidzaleke kusamalidwa. Ubuntu itulutsa kope lokhalitsa mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo ilisamala zaka 5. Kope la 20.04 linafika pa mapeto a nthawi imeneyi mu Meyi 2025, ndipo la 24.04 lidzafika mu 2029. Makina otsalira pa kope lotha nthawi, popanda dongosolo lina lolandirira zigamba, aoneka ngati ali bwino, koma cholakwika chilichonse chopezeka pambuyo pake chikhala chosatsekedwa, ndipo akuba nawonso amawerenga zilengezo za zolakwikazo. Wogula lamya kapena makompyuta a sukulu achite bwino kufunsa wogulitsa kuti zigamba zidzafika kwa zaka zingati, asanafunse za kukongola kwake.

Chachiwiri, kulandira zigamba kufuna nthawi, magetsi ndi intaneti, ndipo zimenezi ziyenera kukhala ndi mzere wake m'bajeti monga mafuta a galimoto. Sukulu zambiri zalandira makompyuta a mphatso ndi chimwemwe, koma mphatso ya makina siidza ndi munthu wowasamala. Pulogalamu yaulere ichotsa mtengo wa chilolezo. Mtengo wa kusamala utsala.

Chachitatu, wopeza vuto aphunzire kulinena bwino. Kaundula wa zolakwika wa Debian anafika pa nambala 1,000,000 m'chaka cha 2021, ndipo ambiri a malipoti amenewo analembedwa ndi anthu wamba ogwiritsa makina. Lipoti lothandiza linena kope limene munthu ali nalo, mtundu wa makina, zimene anachita mwa ndondomeko yake, zimene anayembekeza, ndi zimene zinachitika. Kungoti makina afa kuli ngati kuuza dokotala kuti thupi lonse lipweteka. Luso lolemba lipoti lomveka ndi lomwe liphunzitsidwa m'kalasi la chilankhulo, ndipo mwana wa sekondale wodziwa kulemba mosamala angathe kuthandiza ntchitoyi ngakhale asanadziwe kulemba pulogalamu.

Chachinai, nkhani ya Bambo Collin ili ndi abale ake m'maofesi ambiri, kumene mnyamata mmodzi yekha ndiye adziwa mawu achinsinsi a makina onse, ndipo akasamutsidwa kapena akadwala, nzeru zonse zipita naye. Mkulu wa ofesi wanzeru aika anthu awiri pa ntchito yotere, aonetsetsa kuti zonse zalembedwa m'buku, ndipo amva mnyamatayo akanena kuti katundu wamuchulukira. Achenjeranso ndi mlendo wodzipereka kuthandiza amene afulumira kupempha makiyi.

Komiti ya madzi yoyenda bwino imasonkha tindalama mwezi ndi mwezi mjigo ukali kutulutsa madzi, imasunga malabala m'bokosi asanafunike, ndipo imaphunzitsa achinyamata kugwira sipanala akuluakulu asanakalambe. Mudzi wochita zimenezi sutumiza ana ake kukatunga kudambo. Ofesi kapena sukulu imene yasankha kudalira Linux yalowa m'komiti yotereyi, ngakhale sinasayine pepala lililonse, ndipo gawo lake loyamba n'laling'ono: uthenga wakuti zigamba zatsopano zafika ukaoneka pa makina, wina aziike tsiku lomwelo.